Layisensi ya mgodi ndili nayo, koma mitengo ya pamalopo ndingadule ndekha?

Mkumbi Watsopano

Moni nonse muno. Ndithandizeni nzeru abale anga poti mutu waima. Chaka chatha ndinapeza layisensi ya mgodi waung'ono, titaivutikira miyezi yambirimbiri kupita ku Lilongwe kubwerera mpaka nsapato kutha, malo ake ndi pafupifupi mahekitala 2 kudera lina lamapiri m'chigawo chapakati, boma sinditchula kaye poti nkhaniyi ikadali yamoto kumudzi. Timakumba ma garnet ofiira aja ndi quartz pang'ono, tilipo anthu 6, ine, alamu anga amene anaikapo ndalama zambiri, ndi anyamata 4 aganyu.

Vuto ndi ili. Msempha wa miyala umene takhala tikuutsatira kuyambira June wakhota, walowera chakumtunda nde ukupita ndendende pansi pa mlombwa wina waukulu woti anthu awiri mugwirane manja kuti muuzungulire, pambali pake pali misuku 9, mitondo ingapo ndi tchire wamba. Mizu ya mlombwawo yayamba kale kuonekera m'khoma la dzenje, dzana mnyamata wina anautema muzu umodzi ndi piki mpaka kutuluka madzi ofiira aja ngati magazi, anzake awiri anatuluka m'dzenje liwiro eti mtengo ukulira kkkk. Komanso dzenjelo lafika mamita 5, dothi lake ndi lofumbutuka kumwambaku, tikufuna mitengo yochirikizira m'mbali mvula isanagwe chifukwa ine sindikufuna kudzanyamula mwana wa eni pa machira.

Alamu akuti layisensi inachokera ku boma, malo anatiyezera ndi a boma omwewo, nde chilichonse chili mkati mwa mabikoni athu ndi chathu, tigwetse mlombwawo tiitane amacheka atichekere matabwa tigulitse tigule pampu yopopera madzi m'dzenje, nthambi ndi mitondoyo anyamata aotche makala apeze ya sopo. Kunena zoona maganizowa anandikomera poti pampu tikuifunadi. Tinapita kwa amfumu, iwo anangoti dulani ana anga bola mundikumbukire. Koma Lachiwiri kunabwera mayi wina wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo, anaima pamwamba pa dzenje manja ali m'chiuno nkunena kuti mukangogwetsa mtengo umodzi ine ndikukwera kabaza kukaitana a folesti, ndipo sanali kuseka ayi.

Nde funso langa ndi lakuti chilolezo chodula mitengo pamalo a mgodi amapereka ndani kwenikweni, a migodi, amfumu, a DC kapena a zankhalango? Nanga akandilola kudula, matabwawo ndingagulitse? Amene munadutsamo tiuzeni, zongomva kubawo ndamva zokwanira.

Dolo wa Golide

Aise ukuchedwa ndi chani, dula usiku basi mmawa uzingoti unagwa ndi mphepo kkkk. Amfumu avomera kale nde mayiyo ndi ndani? Ife kwathu timakumba golide m'mbali mwa mtsinje palibe anabwerapo ndi kabuku kudzawerenga mitengo. Ukapita ku maofesi ukangodziitanira mavuto, ayamba kukufunsa mapepala ena oti sunawamvepo, mvula ikupeza uli pa benchi ku boma.

Mlangizi Wopuma

Achimwene a Mkumbi, za a Dolo zisiyeni pomwepo, akulankhula ngati munthu woti sanagonepo m'chitolokosi. Mtengo wogwa ndi mphepo ndi wodula ndi nkhwangwa mwana wa sitandade 2 amasiyanitsa, nanji munthu amene ntchito yake ndi imeneyo. Ine ndagwira ku zankhalango zaka zambiri ndisanapume, sukulu yake ndinachitira ku koleji ya zankhalango ku Dedza kuja, nkhani ngati yanuyi ndaziona kangapo ndipo zonse zimayamba ndi mawu omwewo a alamu anuwo akuti malo ndi athu.

Pepala muli nalolo likukupatsani miyala ili pansi, osati zonse zomera pamwamba. Migodi ili ndi lamulo lake, panopa ndi lija la 2023 limene linabweretsa bungwe loyang'anira migodi la Mining and Minerals Regulatory Authority, pomwe mitengo ili pansi pa Forestry Act ya 1997 imene anaikonzanso mu 2020 nkukweza zilango kwambiri. Ndi nyumba ziwiri zosiyana, wa migodi sangakusayinireni za mlombwa ngati momwe ine sindikanatha kukusayinirani za garnet. Muwerengenso bwinobwino mfundo zimene zinabwera ndi layisensi yanuyo, zachilengedwe zimatchulidwamo ndithu, kungoti ambiri timangoona chidindo ndi siginecha nkupinda pepala kuika pansi pa matiresi.

Choyamba kudziwa ndi chakuti malo anuwo ndi a mtundu wanji, poti yankho limasintha pamenepo. Ngati ali mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya boma ndiye nkhani yakula, si ya ofesi ya paboma yokha imafika mpaka kwa mkulu wa dipatimenti ya zankhalango ku Lilongwe, ndipo musamadzinamize kuti poti layisensi inatuluka ndiye kuti muli kunja kwa nkhalango, malire ambiri mabikoni ake anthu anazula kalekale, njira zotchinga moto zinamera tchire, munthu umatha kukumba miyezi itatu usakudziwa kuti uli mkati. Mukukumbuka za ku Namizimu ku Mangochi, anthu anadzazamo kukumba miyala mpaka anachita kukawatulutsa ndi asilikali. Nde tengani makoodineti ali pa layisensi yanuwo mupite nawo kwa DFO, mkulu wa zankhalango wa paboma lanu, awaike pa mapu awo, ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Ngati muli m'nkhalango ya m'mudzi, ija amfumu ndi anthu awo anaipatula kuti isadulidwe, ndiye eni ake ndi komiti ya mayi amene anakuimirirani manja m'chiunoyo, ndipo mphamvu zawo si zongodzipatsa, lamulo limaidziwa komiti imeneyo, pa mapepala amati VNRMC. Amfumu paokha sangaigulitse nkhalango imeneyo ndi mawu apakamwa. Ngati ndi malo wamba a mfumu, tsala kapena munda wa munthu, apo zimapepukirako koma chilolezo chikufunikabe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu. Lamulo limalola munthu wa m'mudzi kutenga nkhuni, nsichi, mapaso pa malo a mfumu zogwiritsa ntchito pakhomo pake popanda pepala lililonse. Nde anthu amatenga kamwayi kameneko nkukakokera ku bizinesi. Mgodi si pakhomo achimwene, mgodi ndi geni, mukudula kuti mupeze ndalama, apo mukufunika layisensi ya a zankhalango. Kuonjezera apo mlombwa uli m'gulu la mitengo yotetezedwa pamodzi ndi mbawa, tsanya, muwanga ndi mkungudza wa ku Mulanje, umenewo ngakhale uli pakati pa munda wako sumangodzuka nkuugwetsa. Ndipo pali chifukwa chake, mlombwa umakula mochedwa zedi, ukadali kamtengo umatha zaka ukuphukira nthawi ya mvula nkuuma m'chilimwe kwinaku ukukulitsa muzu pansi, woti anthu awiri auzungulire ngati wanuwo agogo anu anaupeza ulipo kale.

Kayendedwe kake nkosavuta kwenikweni kungoti kumafuna kudekha. Lembani kalata yopempha, munenemo mitengo ingati, ya mtundu wanji, chifukwa chiyani, amfumu asayine ndi kudinda, ngati nkotheka a gulupu omwe, a komiti asayinenso, mwini tsala kapena munda ngati alipo avomere polemba osati pakamwa. Phatikizani fotokope ya layisensi ya mgodi ndi pepala la zachilengedwe ngati a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, kapena ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo anakupatsani. Mukasiye kwa mlangizi wa zankhalango wa dera lanu kapena ku ofesi ya DFO. Amabwera kudzaona, amayeza mtengo uliwonse ndi tepi pa msinkhu wa pachifuwa, amene avomera amaupaka penti kapena kuulemba nambala, inu mumalipira molingana ndi mtundu ndi kukula kwake, mtengo wa mtengo umasiyana kkkk mlombwa sungafanane ndi mtondo. Polipira muumirire risiti ya boma, GR, osati kakapepala kong'amba mu kope. Wopanda penti musaukhudze olo utakhala pakati penipeni pa msempha.

Za kugulitsa matabwa ndi nkhani ina payokha. Chilolezo chodula si chilolezo chonyamula, matabwa a mtengo wachilengedwe akangochoka pamalopo kulowa pamsewu pakufunika pepala lina loyendera, conveyance, popanda limenelo pa rodibuloko amatsala pomwepo nthawi zina ndi galimoto yomwe. Muzinene zimenezi tsiku lomwelo akubwera kudzayeza kuti mitengo ikagwa mukufuna kuchita nayo chiyani. Koma za makala ziiwaleni, chiyambire 2020 kuotcha, kunyamula ngakhale kugulitsa makala opanda layisensi ndi mlandu waukulu ndithu, anthu akupita kundende nazo, ndipo layisensi ya makala imafuna munthu wokhala ndi mitengo yake yoisamalira ndi pulani yobwezeretsa, osati mitondo ingapo ya pa mgodi. Uvuni umodzi ufuke pamalo anupo mudzaluza zonse chifukwa cha matumba 10.

Mayi wa Akwamarini

Yewo a Mlangizi mwafotokoza bwino. Ine ndikufuna ndionjezere mbali imene amuna mumaiwala. A Mkumbi mukuganiza kuti mayi uja wakwiyira mlombwa? Ine ndikukuuzani kuti ndi misuku 9 ija. Kuyambira November mpaka January misuku imeneyo ndi ndalama ya azimayi, amatola m'mamawa kukagulitsa pamsewu m'mabeseni, ndi imene imagula mchere, makope a ana, ena mpaka kabakete ka feteleza, komanso pansi pa mitondo ndi misuku mpamene pamamera bowa mvula ikagwa. Inu mwabwera ndi pepala la ku Lilongwe, mwapita kwa amfumu amuna okhaokha mwagwirizana zokumbukirana, amene amadya pa mitengoyo simunawafunse, mumati atani?

Ife kuno kumpoto gulu lathu ndi la azimayi 11 ndi abambo 3, timakumba miyala ya akwamarini, nafenso tinakumana nazo zomwezi msempha wa quartz utalowa m'kankhalango. Poyamba tinkafuna tigwetse mitengo 30 kuti pakhale pambalambanda, tizitaya dothi momasuka. Mlangizi anabwera pa njinga yamoto ndi kachitini ka penti yofiira, anayenda nafe mtengo ndi mtengo akufunsa kuti uwu ukukutchingani chani, ife kuyankha kumatisowa poti ina tinkangofuna ichoke basi. Anapaka 14 yokha. Tsiku limenelo ndinakwiya mpaka sindinamupatse moni potsanzika, koma panopa pansi pa imene inatsalayo mpamene timasankhirapo miyala masana, akwamarini umafuna kumuona pa mthunzi wowala bwino osati dzuwa likukuthobwa m'maso, ndipo dothi limene timataya silikokoloka kupita kudimba la anthu kumunsi poti mizu ikuligwira.

Eni malo tinawalipira chipukuta misozi patokha, osati ku boma ayi, ku boma tinalipira za chilolezo, koma banja limene linali ndi tsalalo tinakhala nalo pansi pamaso pa amfumu ndi a komiti, tinawerengera mitengo ya zipatso payokha, tinalemba m'kope aliyense nkusayina ena kudinda chala. Kope limenelo ndimalisunga kuposa ID yanga chifukwa patatha chaka kunatulukira mwana wawo wina wochokera ku Joni akuti sanauzidwe, tinangomutsegulira tsamba nkhani inathera pomwepo.

China, funsani msanga ngati pafupi pali manda olo akalekale oti anasiya kuikamo. Kwanuko kuchigawo chapakati mukudziwa nokha kuti mitengo ya kumanda ndi kudambwe si yoseweretsa, apo ngakhale DFO atabwera ndi penti ya golide simungadule, ndipo ngakhale malamulo a migodi salola kukumba pamanda.

Za zochirikizira dzenje musavutike ndi mitengo yachilengedwe, ndi yokhotakhota, siigwirana bwino. Gulani mapolo a bulugama kwa munthu amene anadzala yekha, akulembereni kakalata koti wakugulitsani, ndi owongoka ndipo palibe amene adzakufunseni zambiri. Komanso chonde anyamata asapitirize kutema mizu ya mlombwawo ali m'dzenje, mtengo waukulu ukaudula mizu mbali imodzi umaima bwinobwino chilimwe chonse, mvula yoyamba ya mphepo dothi likafewa umabwera wonse ndi khoma lomwe.

Mkumbi Watsopano

Zikomo kwambiri a Mlangizi ndi amayi, mwanditsegula m'maso ndipo za mizuzo ndawaletsa kale anyamata lero lomwe. Amayi mwalasa, mayi wa komiti uja ndi mmodzi mwa amene amagulitsa masuku pamsewu, akazi anga andiuza madzulo ano akundiseka kuti inu nokha ndi amene simumadziwa.

Kuti ndimveketse bwino, ine pamudzipo ndine mkamwini, kwathu ndi kwina. Malowo ndi tsala la mbumba ya akazi anga, analima ndi agogo awo kalekale nkusiya, nde alamuwa pokhala mwini mbumba akuti safunika kupempha munthu, mitengo ya makolo awo. Ine ndikalankhula kwambiri amandikumbutsa kuti ndinabwera ndi chikwama chokha kkkk. Koma layisensi ili m'dzina langa, zikavuta wokagona kupolisi ndine. Nde a Mlangizi, poti malo ndi a banja, kodi zimene mwanenazi zikugwirabe ntchito? Manda kulibe pafupi, ali kutsidya kwa mtsinje.

Dolo wa Golide

Chabwino ndamva za usiku ndabweza, koma tiyeni tinene chilungamo. Makampani akuluakulu amabwera ndi zigalimoto zokankha kugumula phiri lonse mitengo masauzande, palibe mayi amaima manja m'chiuno. Ife amphawi mtengo umodzi mpaka makalata anayi, fotokope, zidindo, transport yopita ku boma kawiri katatu. Lamuloli linapangidwira ife tokha eti?

Wa Laimu

A Dolo funso lanu ndi lomveka koma ine ndikuuzeni zimene zinandionekera, mwina a Mkumbi aphunzirepo. Ine ndi wa laimu, timaphwanya miyala ndi kuotcha cha ku Balaka kuno, amene mukudziwa mapiri a Chenkumbi mukudziwa kuti ntchito yathu imadya nkhuni koopsa, ng'anjo imodzi imayaka masiku angapo usana ndi usiku ndipo nkhuni yabwino ndi tsanya poti imasunga moto. Nde ife za a folesti timakumana nazo pafupipafupi kuposa inu a miyala yonyezimira.

Chaka china tikukuza pokumba panali mbawa imodzi m'mphepete mwa khwawa. Chilolezo chodula ndinatenga bwinobwino, kalata ya amfumu, mlangizi anabwera, ndinalipira, GR ili m'thumba. Amacheka anakumba dzenje lawo, wina pamwamba wina pansi sabata ziwiri, anatulutsa matabwa 22 okongola oti ukawaona umayamba kuwerenga ndalama usanagulitse. Ndinapeza kalipentala mutauni woti agula onse. Za pepala loyendera ndinkazidziwa koma ndinaona ngati kutaya nthawi, ndinati GR ndili nayo nde chavuta nchani, ndinawayala pansi pa lole pamwamba nkusanja matumba a laimu. Pa rodibuloko ina wapolisi anangozungulira kumbuyo nkuona nsonga za matabwa zikusuzumira pansi pa matumba, anaitana wa zankhalango amene anali pomwepo. Ndinatulutsa GR monyadira, iye anaiwerenga nkunena kuti bambo apa palembedwa mtengo umodzi woimirira kumudzi kwanu, ine ndikuona matabwa 22 obisidwa pansi pa laimu, ndidziwa bwanji kuti ndi omwewo, nanga ngati ndi anu mwawabisiranji? Ndinasowa chonena. Tinatsitsa matumba onse dzuwa lili paliwombo, maso kuwawa ndi fumbi la laimu, matabwa anatsala, lole ya eni inakhala masabata atatu, mwini wake amandiwerengera tsiku lililonse, kukhoti ndinalipira chindapusa, pomaliza ndalama imene ndinataya ikanagula mbawa zitatu. Ndipo apo nkuti zilango zisanakwere.

Nde a Mkumbi pampu imeneyo ipezereni njira ina, olo kubwereka kwa a madimba nthawi ya dzinja poti iwo saigwiritsa ntchito mvula ikamagwa.

Mnzanu wa ku Lundazi

Muli bwanji anzathu a ku Malawi. Kuno ku Zambia ni cimodzimodzi cabe, tikumba akwamarini na tourmaline kuno ku Lundazi, pepala ya migodi ni ina, ya mitengo ni ya a Forestry pansi pa Forests Act ya 2015, elo a ZEMA, oyang'anira zacilengedwe kuno, nawo afuna zawo. Kuno cinavuta maningi ni mtengo wa mukula, anthu anadula kutumiza ku China mpaka boma inaletsa, manje olo unyamule mapulanga a mtengo wina ofiira pa rodibuloko ayamba kukuyangana monga wakuba. Mlombwa wanu uja kuno ambiri timati mukwa, naonso sautenga mwacisawawa. Mverani amdala a folesti abo.

Mlangizi Wopuma

A Mkumbi, zoti malo ndi a banja zikuthandizani mbali imodzi, simuvutika kusaka mwini tsala poti muli naye m'nyumba, ndipo lamulo limamuona munthu amene wasamala mtengo pa malo ake ngati mwini wa mtengowo. Koma mwini mbumba si mwini yekha, tsala ndi la azimayi a mbumbayo, azakhali ndi achemwali a akazi anu asayine nawo, apo ayi mudzakangana pa maliro. Ndipo umwini umenewo sukuchotsa zoti mlombwa ndi wotetezedwa, sukuchotsanso pepala loyendera. Alamu anuwo muwatenge popita kwa DFO akamve okha, mkamwini ukamanena wekha zimaoneka ngati mwano.

A Dolo, makampani aakulu amayenera kupanga kafukufuku wa zachilengedwe, ESIA, a MEPA avomereze asanayambe, mitengo imawerengedwa, eni malo amalipidwa, ndipo amalonjeza kubwezeretsa malowo akamaliza. Zoti onse amakwaniritsa, ine pano sindiikira kumbuyo munthu, ndaona maenje osiyidwa osakwirira ndi maso angawa ndipo zimandipweteka ngati inu nomwe. Koma si zoona kuti a zimakina sagwidwa, mu 2016 ku Lengwe anagwira anthu oposa 30 akudula tsanya m'paki, ena a ku Mozambique ena a ku China, mathirakitala awo analandidwa ndipo anaweruzidwa. Komanso pamaso pa majisitireti mawu oti ena akudulanso sanapulumutsepo munthu.

Langizo lina laulere, popita ku ofesi musapite ndi pempho lodula lokha. Nenani kuti mudzala ingati komanso kuti, nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka 15 April nde nthawi yake ndi yabwino, mbande za mbawa, mtangatanga, msangu zimapezeka m'manazale a m'midzi motchipa. Ndipo mitondo ndi misuku imene ili poti simukumba koma ikungotchinga njira, dulani mosiya chitsa chofika m'bondo, modula mopendeka kuti madzi asakhazikike, osazula osaotcha, mitengo ya m'tchire mwathu muno imaphukira yokha pachitsa msanga kuposa mbande ya m'chubu. Dothi lapamwamba lakuda lija muunjike palokha osasakaniza ndi lofiira la pansi, mudzalifuna pokwirira.

Mkumbi Watsopano

Ndabweranso abale patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Tinapita ku boma ndi alamu, njira yonse osandilankhula. Makoodineti atawaika pa mapu zapezeka kuti nkhalango ya boma tili nayo kutali ndithu, koma kona yakumtunda ya malo athu yalowa m'nkhalango ya m'mudzi pang'ono, ndipo misuku 4 mwa 9 ija ili mmenemo, nde mayi uja sanali kulakwa. Tinakhala pansi kwa amfumu, azimayi a mbumba anabwera onse mpaka agogo ena oyenda ndi ndodo amene sindinawaonepo chikwatirire pamudzipo, kope ngati la amayi a kumpoto lija tagula ndipo zala zadindidwa.

Mlangizi anabwera Lachisanu, wapaka penti misuku 3, mitondo 6 ndi tchire, talipira GR ndasunga mu pulasitiki. Misuku itatuyo tagwirizana kuti tidikire azimayi atole kaye zipatso za chaka chino, tidzadula mu January. Za mlombwa wakana, wati iye payekha sangaulembe, ngati tikuufunadi tilembe pempho lina lipite pamwamba ndipo anatiuziratu kuti tisayembekezere kwambiri. Alamu anafuna kumukokera pambali ine ndinawaponda phazi. Panopa tasiya kukumba molunjika mtengowo, takwirira mbali ya mizu ija ndi miyala ndi dothi, tayamba dzenje lina kumtunda kwake mamita 12 kuti tikaupeze msempha mbali inayo, ngati ukupitirira. Alamu akuti ukapanda kupezeka ndalama ya anyamata ya mwezi uno ndilipira ndekha, ndavomera poti nanga nditani.

Mapolo a bulugama ndapeza kwa aphunzitsi ena opuma amene ali ndi kamunda ka mitengo, 40, akubwera pa ngolo Lolemba. Chatsala ndi pampu. A Laimu, a madimba amene mumanena aja amabwereketsa pa mwezi kapena pa tsiku, ndipo mafuta ndi mapaipi zimakhala za ndani?